Seveni wa Nyenyezi

A Jenkins Ndembo anagwira ntchito imodzi yokha moyo wawo wonse: kuwerenga madzi. Kumtunda kwa mlatho wa Mangochi, kuja nyanja imapanikizika n'kusanduka mtsinje wa Shire, kunali doko lakale la mishoni, ndipo padokopo panaima thabwa lachitsulo la manambala, tsinde lake lili m'madzi. Kawiri pa tsiku, eyiti koloko m'mawa ndi folo koloko masana, a Ndembo ankapinda buluku, kulowa mpaka m'mawondo, kuwerama, kuona pamene madzi alekeza, n'kulemba m'bukhu. Mwezi ukatha ankakopera manambalawo pa fomu n'kuitumiza ku ofesi yaikulu, kumene akatswiri ankaiyang'ana asanalamule kuti zitseko za madzi za kumunsi kwa mtsinje zitsegulidwe kapena zitsekedwe. Anayamba mu 1966.

Ntchitoyi inali ya kumtundu. Bambo awo anali woponya chingwe pa sitima ya mishoni ya ku Malindi. Ankaima kutsogolo, kuponya chingwe cha mtovu, n'kufuula kuya kwa madzi kuti woyendetsa amve. Mwana wawo anamusiyira mawu ochepa: "Ukanena kuti pali mikwamba itatu pamene pali iwiri, sitima ikhala pamchenga, ndipo anthu onse adziwa kuti ndiwe."

Owerenga madzi ena a m'mbali mwa nyanja ankalemba manambala a sabata yathunthu ali pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. A Ndembo ayi. Tsiku la ukwati wa mwana wawo Ruti wansembe anadikira mphindi makumi awiri, chifukwa bambo a mkwatibwi anali m'madzi, jekete ali chivalire, nsapato atazikoleka m'khosi. Akazi awo, mayi Enid, ankati iwo anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi thabwa.

Thabwalo linali ndi mbiri yake. Chaka cha 1980 nyanja inadzaza mopitirira n'kugwetsa lakale. Ofesi inatumiza latsopano pamodzi ndi matumba a simenti khumi ndi awiri, ndipo ntchito yomanga maziko inaperekedwa kwa nthambi ya chipani, motsogozedwa ndi tcheyamani wake, Che Amidu. Mazikowo anamangidwa ndi mchenga wambiri ndi nyimbo zambiri. Mwezi womwewo nyumba ya Che Amidu inamera khonde la simenti losalala ngati mbale, ndipo anthu onse analiyamikira, poti linalidi lokongola. Tcheyamaniyo analemba dzina lake ndi chala pamaziko simenti isanaume, ndipo mlendo aliyense wa chipani ankatengeredwa kudoko kukaona chitukuko.

Masiku amenewo chinthu chomangidwa ndi chipani sichinkapendekeka. Wadi, wosoka maukonde, anaiwala zimenezi. Ananena pamsika kuti khoma la kalasi ina likufuna kugwa. Galimoto inamutenga Lachiwiri. Khomalo linagwa Lachisanu, koma Wadi anabwerako patapita zaka zinayi, wopanda mano akutsogolo, wopandanso maganizo alionse pa nkhani ya makoma.

Bwenzi la a Ndembo anali a Macloud Chavula, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, wochokera ku Rumphi. Loweruka lililonse ankabwera kudoko kudzatsuka njinga ndi kudzalankhula zimene ana a sukulu anatopa nazo. Mphunzitsi wawo wakale wa ku yunivesite, amene anabwerera kwawo kutsidya la nyanja yamchere, ankawatumizira mapepala a za nyenyezi. Makalatawo ankafika atatsegulidwa kale n'kumatidwanso, koma osachotsamo kanthu. Zikuoneka kuti owerenga makalata a eni nawonso masamu ankawaopa.

Loweruka lina a Chavula anagadabuza njinga, kumasula wilo lakutsogolo, kulipukusa mwamphamvu, n'kuwagwiritsa a Ndembo chitsulo cha pakati.

"Lipendekeni, adada," anatero.

A Ndembo anayesa. Wilo linakana, n'kumawapotoza mikono kulowera kwina.

"Lili ndi mwano ili," anatero a Ndembo.

"Si mwano. Chinthu chikamazungulira chimasenza katundu wa kuzungulirako, ndipo sichifuna kumutula. Katunduyo amayezeka. Mumayambira pakati apa: kulemera kwa wilo, liwiro lake, kutalika kwa masipoko."

"Tsono vuto lili pati?"

"Panjinga palibe. Vuto lili kumwamba."

Anatola chidutswa cha ukonde wakutha, anawagwiritsa mbali imodzi, iwo kugwira inayo, n'kuika mwala pakati. Ukonde unabonyoka.

"Mlengalenga ndi wotere," anatero mphunzitsiyo. "Si bwalo losalala ayi. Nyenyezi yolemera imaupinda. Ziwiri zolemera zikamazungulirana zimagwedeza ukonde wonse, ndipo funde limayenda mpaka kufika kuno kwathu. Fundelo limachotsako gawo la katundu wa kuzungulira uja n'kupita nalo. Ophunzira akufuna kudziwa kuti lachotsa wochuluka bwanji, ndipo akukangana."

"Sadziwa kuwerengera?"

"Amadziwa zedi. Koma tandiuzani. Mabwato awiri ali phee pamadzi, sitima n'kudutsa patali. Mafunde akatha, mabwatowo amabwerera pamene anali?"

"Sabwerera. Limodzi limatsala litatayikirako."

"Basi. Funde la nyenyezi nalonso likadutsa, zinthu sizibwerera ndendende m'malo mwake. Amati mlengalenga umakumbukira. Tsono pamene munaima poyamba kuyeza pasuntha, ndodo yanu yoyezera nayo yasuntha. Uyu akuti nyenyezi zataya chakuti, uyo akuti chakuti, ndipo onse awerengera bwino."

A Ndembo anafunsa funso la ntchito yawo. "Zimasuntha zala zingati?"

A Chavula anaseka mpaka kutsamira njinga. "Zala? Tengani tsitsi limodzi, muligawe kamiliyoni, kachidutswako mukagawenso kamiliyoni, mukadali kutali. Palibe munthu anachionapo. Chili papepala pokha."

"Ndiye ntchito yabwino imeneyo," anatero a Ndembo. "Kuyeza chosaoneka, uli pakhonde."

Nkhani zoterezi ankazimvera monga ankamvera ulaliki: osatsutsa, osaiwala.

Mu Malichi 1989 kunachita chivomerezi chija chinagwetsa nyumba ku Salima. Ku Mangochi chinangoliza mbale ndi kuuwitsa agalu. Kutacha thabwa linali chiimire, dzina la Che Amidu lili pomwepo, ndipo a Ndembo analemba nambala yawo mtima uli m'malo.

Koma pa thanthwe la pambali pa doko panali kamzere kamene bambo awo anasema kalekale. Chaka chilichonse nyanja ikamadzaza, tsiku limene madzi ankakhudza kamzereko thabwa linkanena 6.40. Zinali choncho pa thabwa lakale, zinali choncho pa latsopano. Mu Epulo wa chaka chimenecho madzi anafika pa kamzere, thabwa n'kunena 6.47. A Ndembo anapukuta magalasi. Anadikira kuti bwato limene linkadutsa lipite, madzi achite bata. Thabwa linanenabe 6.47. Masentimita asanu ndi awiri, zala zinayi zathunthu.

Loweruka anamuuza mphunzitsi, mawu ali pansi. "Wasuntha ndani, thanthwe kapena thabwa?"

"Tifune mboni yachitatu," anayankha a Chavula.

Mboniyo inalipo. Pa masitepe akale a mishoni panali msomali wamkuwa umene anakhoma oyeza malo akale, ndipo m'bukhu lawo loyamba a Ndembo analembamo kuti msomaliwo uli pamwamba pa kamzere motalika bwanji. Anakabwereka kwa Atumani, mmisiri womanga nyumba, paipi yoonekera mkati, ija amaidzaza madzi pofuna kulinganiza maziko. Anayeza apa, anayeza apo, anabwerezanso. Msomali ndi thanthwe zinagwirizana. Thabwa ndilo linatitimira.

"Muli ndi mwayi, adada," anatero a Chavula. "Anzanu a nyenyezi alibe mboni yachitatu. Kwa iwo funde limasuntha thanthwe, thabwa ndi msomali womwe. Inu wolakwa mukumudziwa."

"Mwayi umenewo?" anatero a Ndembo. Onse awiri anayang'ana dzina lolembedwa ndi chala lija.

Mwini dzina sanachedwe. Anatulukira pa njinga yake yakuda, chikwama cha makhadi a chipani chili pakaliyala, n'kuima phazi limodzi lili pansi.

"Moni, a Ndembo. Mukuthirira nyanja?"

"Tikutsuka njinga ya aphunzitsi, Che Amidu."

"Ndi paipi ya Atumani? Njinga yamwayi." Anatsika, anapita pamaziko, anawaponda ndi chidendene. "Ndamva kuti chaka chino thabwa lathu likuonetsa madzi ambiri. Mvula nayo imadziwa dziko la mtendere. Zaka zisanu ndi zinayi, osasuntha ngakhale pang'ono. Si choncho, akulu?"

A Ndembo anagwidwa ndi chifuwa chimene analibe. Che Amidu anawadikira mpaka chithe, anamwetulira, n'kupalasa.

Kumapeto kwa fomu ya mwezi kunali kabokosi ka ndemanga. Lamulo linali lakuti wosintha nambala alembemo chifukwa chake. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu a Ndembo analembamo kamodzi kokha, tsiku limene mvuu inagona patsinde pa thabwa mpaka naini koloko. Tsopano kabokosiko kanawayang'ana ngati dzenje.

Anawapeza mayi Enid akutembenuza usipa pathandala, dzuwa lili paliwombo, n'kuwafotokozera zonse.

"Nenani kuti ndi mvuu," anatero mayiwo osatembenuka.

"Adzati maziko amtundu wanji otitimira ndi mvuu."

"Nenani chivomerezi, poti ndichodi."

"Adzati chalekeranji masitepe a amishoni, okalamba kuposa ine, n'kusankha maziko a dzana. Njira iliyonse, amake Ruti, ikukathera pakhonde la Che Amidu paja."

"Ndiye lembani zimene thabwa likunena. Anakulembani ntchito yowerenga, osati yotsutsa."

"Ndiye kuti kumunsi azitsegulira zitseko madzi amene kulibe. Ndi dzanja langa."

Apo mayi Enid anatembenuka. "Nanga ine ndizitsegulira ndani chitseko akakutengani? Mwamuona Wadi akudya chimanga chootcha? Inu mano anu ndi owerengeka kale."

Fomuyo inakhala masiku atatu m'Baibulo. Tsiku lachinayi, atabwera kowerenga kwa m'mawa, a Ndembo anasongola pensulo, anachotsa seveni pa nambala iliyonse, n'kulemba m'kabokosi muja m'Chingerezi chawo cha kumishoni mawu otanthauza izi: "Kuyambira pa 11 Malichi ndachotsa masentimita 7 pa nambala iliyonse. Chifukwa chake, funde lochokera ku nyenyezi ziwiri zozungulirana linadutsa pano, ndipo monga mwa khalidwe lake silinabweze zinthu m'malo mwake. Maziko ali bwino." Anasayina, anamata, anakaponya ku positi asanasinthe maganizo.

A Chavula atamva anagwira kumutu. "Adada! Ine ndinati tsitsi logawidwa kamiliyoni! Inu mwalipatsa zala zinayi? Funde lotero bwenzi litang'amba dziko pakati!"

"Manambalawo ndi oona?"

"Ndi oona."

"Dzina lanu ndalitchula?"

"Ayi, koma..."

"Nyenyezizo zili ndi akazi ndi ana?"

"Mwanamizira sayansi, adada."

"Ndanamizira amene galimoto singawapeze," anatero a Ndembo. Koma tsiku limenelo nambala ya folo koloko inalembedwa mokhota.

Kalata za masiku amenewo zinkayenda ndi makutu. Sabata isanathe a Ndembo anaitanidwa ku msonkhano wa nthambi, patsinde pa mtengo wa mango. Anthu anadzaza, amayi atavala nsalu zachipani, asodzi atakhala pamizu, Wadi ali kumbuyo kwenikweni. Mayi Enid anabwera atamangirira bulangete ndi sopo m'kansalu, poti ankadziwa kuti galimoto siyembekezera munthu kuti akalongedze.

"A Ndembo," anatero Che Amidu, "akuti mwalembera akuluakulu kuti thabwa lathu latitimira. Tiuzeni pamaso pa anthu. Latitimira?"

"Lasunthidwa, Che Amidu. Ndibwerekeni njinga yanu."

Panali kung'ung'udza, koma njinga inabwera. A Ndembo anaigadabuza, kumasula wilo, kulipukusa monga anaonera, n'kumugwiritsa tcheyamani.

"Lipendekeni."

Che Amidu anayesa. Wilo linakana. Anayesanso ndi mphamvu, wilo linawapotoza mikono mpaka chipewa chinagwa. Anthu anayang'anana. Panali patapita zaka zambiri kuchokera pamene chinthu china chinamukanira Che Amidu pagulu.

"Kawilo ka njinga kameneko," anatero a Ndembo. "Tsono taganizani nyenyezi ziwiri, iliyonse yolemera kuposa dzuwa, zikuzungulirana chonchi." Anafotokoza za ukonde ndi mwala. Anafotokoza za mabwato awiri ndi sitima, ndipo asodzi anagwedeza mitu, poti izo ankazidziwa. "Funde limeneli layenda mtunda wosaneneka, likusuntha chilichonse chimene lapeza. Litafika pamaziko anu lakanika. Langopeza zala zinayi."

Za tsitsi logawidwa kamiliyoni sanazitchule.

Che Amidu anatola chipewa, anachisasa fumbi. Anayang'ana a Ndembo nthawi yaitali, ndipo a Ndembo anaona bwino lomwe kuti munthuyo akuwerengera matumba a simenti mumtima. Onse awiri ankadziwa. Chimene chinatsala chinali kusankha chimene anthu amve.

"Zala zinayi zokha?" anafunsa tcheyamani.

"Zokha."

Che Amidu anatembenukira khamu, anakweza dzanja. "Mwamva, amayi ndi abambo? Nyenyezi ziwiri, zoposa dzuwa, zalimbana ndi simenti ya nthambi ino, n'kungopeza zala zinayi! Nthambi ina bwenzi thabwa lili ku Liwonde!"

Nthungululu zinalira. Nyimbo inayambika. Kumbuyo kuja Wadi anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu anati mwina ndi manyazi a mano. Mayi Enid anabwerera kunyumba ndi kansalu kawo, osalankhula ndi amuna awo mpaka tsiku lotsatira.

Yankho la ofesi linafika patapita masabata asanu ndi limodzi. Kaya akatswiriwo sanamvetse ndipo aliyense anaopa kukhala woyamba kuvomera, kaya anamvetsa kwambiri n'kufunsa amene anamanga maziko, palibe akudziwa. Kalatayo inati kukonza kwa a Ndembo kwavomerezedwa, apitirize kuchotsa masentimita asanu ndi awiri, ndipo thabwa lisakhudzidwe mpaka nkhaniyi itafufuzidwa. Inawayamikiranso chifukwa cha tcheru. Aka kanali koyamba kuti ofesi iwayamikire. Manambala oona a zaka makumi awiri ndi zitatu sanabweretsepo kalata ina iliyonse.

Chaka chomwecho aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kukaphunzitsa kwawo. A Chavula anakwera lole, njinga ataimangirira pamwamba pa matilesi. A Ndembo anawaperekeza pasiteji atanyamula chambo chowamba m'pepala.

"Zidutsa izi, adada," anatero mphunzitsiyo. "Zikadutsa ndibweranso, tidzatsuke njinga."

"Paja munati mabwato aja sabwerera," anatero a Ndembo.

A Chavula sanabwererenso. Koma Khirisimasi iliyonse kunkafika kalata yochokera ku Rumphi, yotsegulidwa kale n'kumatidwanso, ndipo pamwamba pa moni pankalembedwa kuti, "Kwa munthu yekhayo padziko lapansi amene anayeza funde la nyenyezi ndi paipi ya Atumani."

Nkhaniyo sinawachoke mumtima a Ndembo. Pasaka itayandikira anapita kukalapa, monga ankachitira a mpingo wawo, n'kugwada pambali pa wansembe, yemwe uja anawadikira tsiku la ukwati.

"Bambo, ndinachita umboni wonama."

"Munanamizira ndani?"

"Nyenyezi ziwiri."

Wansembe anafunsa kuti, "Ziti?"

"Sindizidziwa mayina, Bambo. Mwina kulibe n'komwe."

"Zavutika nazo?"

"Sindinamve."

Wansembeyo anayang'ana kudenga nthawi yaitali, milomo ataifinya. Kenaka anawapatsa salimo limodzi loti akawerenge, n'kuwauza kuti asadzachitenso, pokhapokha zitafunika.

A Ndembo anapuma ntchito mu 1991, ali ndi mano onse amene anali nawo chisanachitike chivomerezi. Kufufuza kuja kunali kusanayambe. Wowalowa m'malo anali bambo wina wa ku Chowe, Kingstone, amene anali asanalowepo m'madzi opitirira mu akakolo. A Ndembo anamuphunzitsa kupinda buluku, kudikira bata, kuwerama mpaka diso lilingane ndi madzi.

"Ukawerenga, uchotsepo seveni," anatero.

"Chifukwa chiyani, achikulire?"

"Ndi wa nyenyezi. Zili m'kalata ya ofesi, uwerenge wekha."

Kingstone analemba zimenezo pachikuto cha bukhu latsopano. Atatha, a Ndembo anayang'ana uku ndi uku, anamugwira dzanja, n'kupita naye kuthanthwe. Anakolopa ndere ndi chikhadabo mpaka kamzere kaja kanaoneka.

"Izi sizili m'kalata," ananong'ona. "Madzi akafika apa ndi 6.40, kaya thabwa linene chiyani. Ukadzaona kuti seveni sakukwanira, usadzathamangire kuuza anthu. Udzayambe wafunsa amene anamanga."

Mabukhu awo anawasiya m'bokosi la malata, makumi awiri ndi asanu, omangidwa ndi chingwe cha ukonde. Muli manambala oposa zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe ngakhale imodzi yolembedwa pakhonde. Kalata yoyamikira ija mayi Enid anaiika m'felemu n'kuipachika pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati wa Ruti. A Ndembo akamamwa tiyi ankakhala ataifulatira.